ZA NJIRA YA MLANDU, KUCOKERA KWA KAPHUKA KUFIKIRA KU BWALO LOTSIRIZA

Mphunzitsi ali yense amene wakhala zaka zingapo pa mudzi adziwa kuti nchito yace siithera m'sukulu. Tsiku lina madzulo afika munthu pakhomo, nakhala pansi, napereka moni, ndipo atatha kufunsa za ana ndi za mvula, ati, "Aphunzitsi, mlandu wanga wa munda uja wandiipira kwa amfumu, koma mtima wanga sunabvomere. Kodi ndinke nao kuti?" Funso limeneli ndi lakale koposa sukulu zathu zonse, ndipo yankho lace lasinthika kangapo m'zaka zoposa 130. Cifukwa cace tayesa nkwabwino kulongosola pano njira imene mlandu wa munthu wa kwa Kaphuka, m'mapiri a Dedza, unali kuyenda m'nthawi zosiyana-siyana, ndi kumene njirayo inali kuthera. Tinena makamaka za mirandu ya pakati pa munthu ndi mnzace, monga ya minda, ya maukwati, ya ngongole ndi ya ziweto. Ya kupha ndi ya kuukira Boma tidzaichula pokha-pokha pamene ikhudza njira imeneyi.

1. MAU A PA BWALO

Tiyambe ndi mau, pakuti munthu wosawadziwa asocera asanafike pa bwalo. Wolakwa "apalamula" mlandu. Wolakwiridwa "adandaula", kapena "asuma". Ndipo ana a sukulu auzidwe kuti kusuma kumeneku kusiyana ndi kusuma kwa nthawi ya njala, pamene munthu anka kutali kukafuna cakudya, ngakhale mau onse awiri amveka cimodzi-modzi pakamwa. Akuru "azenga" mlandu, ndiko kuufunsa mbali zonse ndi kumva mboni; potsiriza mfumu "igamula", ndipo mau ace ndiwo cigamulo. Taonani kuti m'Cicewa kawiri-kawiri mlandu ndiwo ucita, munthu nacitidwa: titi mlandu wamkomera, mlandu wamuipira, mlandu wamtsata. Mwambi utinso "mlandu suola", ndiko kunena kuti ungakhale ugone zaka zambiri, tsiku lina udzauka.

Zolipira nazo ziri ndi maina atatu amene sayenera kusokonezedwa. "Dipo" linka kwa munthu wolakwiridwa, kuti mtima wace ukhale pansi. "Cindapusa", cimene ena ati faindi, cinka kwa mwini bwalo, cifukwa ca kuswa lamulo. "Cabwalo" ndico cimene munthu apereka kuti akuru akhale pansi ndi kumva nkhani yace. Mau ena tinawalandira kwa Angelezi, monga khoti, samani, loya, jaji ndi apilo. Mau akuti apilo ndi acilendo ndithu; koma mwambo wakuti munthu wosakhutira anyamule mlandu wace kunka nao kwa wamkuru, makolo athu anali nao Mzungu asanafike.

2. MAKWERERO A MAKOLO

Pakati pa Acewa munthu sanali kuima yekha pa mlandu. Ali yense anali wa mbumba, ndipo mbumba inali ndi mwini wace, ndiye mlongo wa akaziwo kapena malume ao. Mwana akatayirira mbuzi, nizidya cimanga ca mnansi, woyankha anali mwini mbumba, monga anena kuti nkhuyu zodya ana zipota akuru. Cotero khwerero loyamba linali pakhomo: eni mbumba awiri akomana, nayendera mundawo, napangana kuti woononga apereke nkhuku kapena dengu la cimanga pokolola. Nkhani ya m'banja inali ndi eni ace, ndiwo ankhoswe, wa kumuna ndi wa kucikazi, amene anamanga ukwatiwo paciyambi. Mkamwini akakangana ndi mkazi wace, panalibe mfumu yomva mlanduwo ankhoswe asanayese, ndipo mwambo umenewu ulipo kufikira lero.

Zikakanika pakhomo, mlandu unali kuturuka kunka pa bwalo la mudzi. Bwalo ndilo malo osesedwa pansi pa mtengo, pamene pabvinidwanso magule, ndipo anthu okhala pamenepo kuweruza achedwanso bwalo. Wodandaula anali kuyamba, nalongosola kucokera ku ciyambi, wopanda womdula mau. Atatha iye, winayo anali kuyankha. Pamenepo nduna ndi akuru anali kufunsa, ndipo munthu wamkuru ali yense wodziwa kanthu anali kuloledwa kulankhula. Nyakwawa inali kulankhula potsiriza, itamva kumene mitima ya anthu yapendekera, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mlandu wa pakati pa midzi iwiri, kapena umene wina anakana cigamulo cace, unali kukwera kwa mfumu yaikuru, mwini dziko, monga Kaphuka m'dera lace.

Cimene bwalo lotere linali kufuna ndico kuti anthu awiriwo athe kukhalanso pamodzi, popeza mawa adzatunga pa citsime cimodzi ndi kukomana pa maliro amodzi. Cifukwa cace nthawi zambiri onse awiri anali kudzudzulidwa, wina kwambiri, wina pang'ono. Mfumu nayo inali ndi coopa. Ikaweruza mokondera kawiri katatu, mwini mbumba anali kusamuka ndi anthu ace kukakhala kwa mfumu yina, ndipo mfumu yopanda anthu siikhalanso mfumu. Kusamuka kumeneku tingati ndiko kunali apilo ya anthu osauka.

Koma tisabise zoipa zace. Munthu wamphamvu anali kupambana kawiri-kawiri, monga mwambi uti khoswe akakhala pa mkate sapheka. Pa mirandu yaikuru dipo linali munthu: mwana wa mbumba anali kuperekedwa cikole, ndipo m'zaka za nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo ambiri otere sanabwerere kwao. Pamene mboni zinasowa, pa mirandu ya ufiti, ya cigololo kapena ya kuba, khwerero lotsiriza linali mwabvi. Mapondera anali kusinja khungwa la mtengowo, naliika m'madzi; wakumwa akasanza ndiye wosalakwa, akafa ndiye wolakwa. Pa mirandu yaing'ono anali kumwetsa nkhuku kapena garu m'malo mwa munthu. Anthu anali kuukhulupira kotero kuti wonamiziridwa anali kuupempha yekha. Koma bwalo limeneli linalibe lina pamwamba pace, ndipo likalakwa panalibe wotha kukonza, pakuti wakufa sacita apilo.

3. NTHAWI YA BWANA WA BOMA, 1891 KUFIKIRA 1933

Mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Angelezi, ndipo Harry Johnston ndiye anali wolamulira woyamba. Anaika Azungu m'maboma, amene nchito yao yoyamba inali kusonkhetsa msonkho, ndipo iwo omwewo anali oweruza. Ku dera lathu ulamuliro umenewu unafika ndi mfuti, pakuti mu 1896 asilikali a Boma anathyola linga la Tambala, mfumu ya Ayao, naphanso Gomani, mfumu ya Angoni. Kuyambira pamenepo mafumu analibe mphamvu ya kuweruza pamaso pa lamulo la Boma, ngakhale m'midzi anali kuzengabe mirandu monga kale, popeza Mzungu mmodzi sakadatha kumva za mbuzi ndi maukwati a boma lonse.

Mu 1902 kunaturuka lamulo lalikuru locokera ku London, limene linakhazika High Court, imene inakhala ku Blantyre. Lamulo limenelo linalowetsa malamulo a ku England m'dziko lino. Koma linatinso pa mirandu ya anthu akuda oweruza atsate mwambo wa eni dziko, pokha-pokha ngati mwambowo sutsutsana ndi cilungamo ndi makhalidwe abwino, kapena ndi lamulo lolembedwa. Woyesa ngati mwambo uli wolungama anali Mzungu yemweyo, amene anali kuumva mwa womasulira. Potsata maganizo amenewa Boma linaletsa mwabvi ndi lamulo la za ufiti la 1911. Mu 1912 linayamba kusankha mafumu ena kuti alithandize pa msonkho ndi pa kusunga bata, koma silinawapatse mabwalo.

Mlandu umodzi wa nthawi imeneyo uyenera kukumbukika. Mu 1903 woweruza Nunan anamva mlandu wa pakati pa Bwana woyang'anira za anthu akuda ndi kampani ya Blantyre and East Africa. Kampaniyo inapangana ndi nyakwawa zina kuti anthu okhala pa minda yace azilipira kapena kugwira thangata, ngakhale makalata a mindayo anati midzi imene inalipo kale isabvutidwe. Nunan anagamula mokomera anthu a m'midzi, nati pangano lotere siliyenera kuima. Koma cigamuloco sicinasinthe zambiri, thangata linapitirira, ndipo linali limodzi la madandaulo amene anautsa John Chilembwe mu 1915. Apa tiphunzira kuti cigamulo cabwino cifuna dzanja locikwaniritsa. Tionanso kuti amene anasuma anali Mzungu wa Boma, pakuti munthu wa m'mudzi analibe ndalama, kapena cinenero, zofikira nazo ku bwalo limenelo.

Pamwamba pa High Court panali makwerero ena awiri. Loyamba linali bwalo la apilo la maiko a kum'mawa kwa Afrika, limene poyamba linali kukhala ku Zanzibar. Lotsiriza linali la aphungu a Mfumu ya England, lochedwa Privy Council, ku London. Cotero pa pepala mlandu wocokera ku Dedza unali wotha kuoloka nyanja yamcere. Koma kwa mlimi wa ku Linthipe njira inali kuthera pa khonde la Bwana wa Boma.

Aphunzitsi a mpingo akumbukirenso lamulo la 1923 la maukwati a Akristu akuda. Linalola kuti ukwati udalitsidwe m'calici ndi kulembedwa m'buku, koma linati pamaso pa Boma ukwati wotere ukhalabe wa mwambo. Cifukwa cace Akristu awiri akalekana, za ana, za nyumba ndi za katundu zinali kuweruzidwa monga mwa mwambo wa Acewa, ndipo ankhoswe anali kufunikabe.

4. MABWALO A MAFUMU, 1933 KUFIKIRA 1962

Mu 1933, Bwana Mkubwa ali Sir Hubert Young, Boma linapanga malamulo awiri, potengera zimene zinacitika ku Tanganyika. Lina linapatsa mafumu akuru ulamuliro m'madera ao, lina linawapatsa mabwalo obvomerezeka. Ku Dedza, monga m'maboma ena, bwalo la mfumu linakhala tsopano ndi kalata ya Boma yonena mirandu imene liyenera kumva ndi malire a cilango cace. Mirandu ya kupha, ndi ya Azungu ndi Amwenye, inatsala kwa Boma. Maloya sanaloledwe kulowa. Mfumu inali kukhala ndi aphungu ace, ndipo pambali panali munthu watsopano amene makolo sanamdziwe, ndiye kalaliki, kawiri-kawiri mnyamata wophunzira ku sukulu za mishoni, wakulemba m'buku maina, mau a mboni ndi cigamulo, ndi kudula risiti ya ndalama zolowa m'thumba la mfumu.

Buku limeneli linasintha njira ya apilo. Munthu wosakhutira anali kutha kunka kwa Bwana D.C., kucokera apo kwa Bwana wa Cigawo, ndi potsiriza ku High Court. Ndiponso Bwana D.C. poyendera dera anali kuwerenga bukulo, ndipo anali ndi mphamvu ya kusintha cigamulo ngakhale popanda wodandaula. Ubwino wace unali wakuti mau a mlandu sanalinso m'mitu ya akuru mokha, ndipo mkazi wamasiye wolandidwa munda anali ndi khomo lina logogoda. Koma panalinso zotayika. Mfumu imene kale inali kuopa kuti anthu adzasamuka, tsopano inali kuopa Boma koposa anthu. Mwambo umene kale unali kupindika monga mwa nkhani iri yonse, utalembedwa unauma. Wolemba mbiri Martin Chanock, m'buku lace la 1985 la za malamulo ndi miyambo ya Malawi ndi Zambia, anaonetsa kuti zambiri zochedwa mwambo wa makolo zinaumbidwa m'mabwalo a nthawi imeneyi, pamene amuna akuru anali kufuna kugwira akazi ndi anyamata amene ndalama za ku Halale ndi ku Joni zinayamba kuwamasula.

Kumwamba nako makwerero anasunthika. Mu 1947 apilo za ku Nyasaland zinaleka kunka kum'mawa, nizinka ku bwalo la apilo limene tinagawana ndi maiko awiri a Rhodesia. M'nthawi ya Citaganya, cimene cinayamba mu 1953, zinali kunka ku bwalo lalikuru la Citaganya ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Citaganya citatha pa 31 December 1963, dziko linakhala ndi bwalo lace-lace la apilo. Ndipo pofika 1966, pamene Malawi analeka kukhala pansi pa Mfumukazi ya England, njira ya ku London inali itatsekedwa.

5. PAMENE MAKWERERO ANADULIDWA, 1962 KUFIKIRA 1994

Mu 1962 atsogoleri a dziko lathu, atangolowa m'Boma, anapanga lamulo latsopano la mabwalo a m'madera. Wolitsogolera anali Orton Chirwa, loya woyamba wa dziko lino. Iye anayesa kuti si bwino munthu mmodzi akhale wolamulira, wosonkhetsa msonkho ndi woweruza pamodzi. Cotero mafumu ambiri anacotsedwa pa mpando woweruzira, nakhalapo apampando osankhidwa ndi Boma, ndipo njira ya apilo inali kufikabe ku High Court.

Zimenezi sizinakhalitse. Kuyambira 1968 kunacitika kuphana koopsya usiku ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, ndipo anthu anadzazidwa ndi mantha. Mu 1969 High Court inamasula anthu ena oimbidwa mlandu wa kupha, popeza umboni unacepa, ndipo Dr. Kamuzu Banda anakwiya, nati malamulo a Angelezi apulumutsa olakwa. Caka comweco Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo lija. Mabwalo a m'madera anachedwa tsopano mabwalo a miyambo, ndipo pamwamba pao panaikidwa mabwalo atatu a zigawo, la Kumpoto, la Pakati ndi la Kumwera, okhala ndi mphamvu ya kuweruza mirandu ya kupha ndi kulamula kuti munthu anyongedwe. Pamwamba pa onse panali bwalo limodzi la apilo la miyambo la dziko lonse. Kucokera kumeneko kunalibe njira ya ku High Court, ndipo maloya sanaloledwe kuimira munthu. Oweruza acizungu a ku High Court anasiya nchito cifukwa ca ici.

Kwa munthu wa kwa Kaphuka wokhala ndi mlandu wa ukwati kapena wa ngongole, mabwalo aang'ono a miyambo anali ndi ubwino wao: anali pafupi, anali kulankhula Cicewa, ndipo mlandu unali kutha msanga. Wosakhutira anali kunka ku bwalo la apilo la miyambo la pa boma, ndi kucokera apo ku lija la dziko lonse. Koma makwerero onsewa anali m'dzanja la nduna ya Boma, imene inali kuika ndi kucotsa oweruza. Cipatso cace cinaoneka pa mirandu ya ndale. Albert Muwalo anaweruzidwa m'bwalo lotere, nanyongedwa mu 1977. Orton Chirwa yemwe uja, ndi mkazi wace Vera, atagwidwa mu December 1981, anaweruzidwa ndi bwalo la miyambo la Kumwera mu 1983 kuti aphedwe. Anacita apilo, ndipo mu 1984 bwalo la dziko lonse linaikana, ngakhale linabvomera kuti panali zolakwika m'kazengedwe ka mlanduwo. Cilango cinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992, ndipo Vera anamasulidwa mu January 1993.

Mabwalo amenewa anali kuchedwa a makolo; koma taona kale kuti pa bwalo la makolo munthu anali kubwera ndi mwini mbumba womlankhulira, mboni zace zinali kumvedwa, ndipo mfumu inali kuopa anthu ace. Zitatu zonsezi zinasowa m'mabwalo a zigawo. Mu October 1993 analetsedwa kugwira nchito, ndipo malamulo akuru a dziko a 1994 anabwezera mirandu yonse pansi pa High Court ndi Supreme Court of Appeal. Mabwalo aang'ono a miyambo anasandulika makhoti a majisitireti.

6. NJIRA YA LERO

Lero mlandu wa pa mudzi uyambabe kwa ankhoswe ndi eni mbumba, nukwera kwa nyakwawa, kwa gulupu, ndi kwa mfumu yaikuru, imene Boma liicha T.A. Mirandu yocuruka ithera komweko, ndipo nkoyenera. Koma pamaso pa lamulo nchito ya mafumu pa mirandu ya maukwati ndi ya ngongole ndiyo kuyanjanitsa; munthu wosakhutira sanatsekeredwe njira, atha kukasuma kwa majisitireti, amene adzaumva mlanduwo kuyambira paciyambi. Malamulo akuru a dziko alola Nyumba ya Malamulo kukhazika mabwalo a m'madera omva mirandu ya mwambo ndi yina yaing'ono, ndipo lamulo lotere linapangidwa mu 2011, koma ambiri analiopa pokumbukira zakale zija. Za minda ya makolo ziri ndi lamulo lace la 2016, limene linaika makwerero atatu: bwalo la za malo la m'dera la T.A., lina la pa boma, ndi lina la dziko lonse.

Ku khoti la majisitireti wodandaula adula samani, winayo naitanidwa. Onse awiri alumbira, nabwera ndi mboni, ndipo ali yense aloledwa kufunsa mboni za mnzace. Majisitireti ali m'magulu, ndipo gulu liri lonse liri ndi malire a ndalama zimene lingagamule. Pa mirandu ya maukwati a mwambo khoti lifunsabe ankhoswe, ndipo makhoti akhala akubvomereza mwambo wa cikamwini wakuti mwamuna amangire mkazi wace nyumba kwao kwa mkaziyo. Lamulo la maukwati la 2015 linasonkhanitsa malamulo akale, pamodzi ndi lija la 1923, kukhala limodzi. Wosakhutira ndi majisitireti acita apilo ku High Court, imene ikhala ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Kwa anthu a ku Dedza yapafupi ndiyo ya ku Lilongwe. Pamwamba pace pali Supreme Court of Appeal, pamene oweruza atatu kapena oposa akhala pamodzi, ndipo mau ao ndiwo otsiriza. Cokondweretsa ndi cakuti High Court yomwe, m'malamulo ace a 2004 ndi a 2017, inalamula kuti mirandu yambiri ya pakati pa anthu iyambe yayesedwa mwa kuyanjanitsa isanazengedwe. Ndiyo nzeru ya ankhoswe, yolowa m'nyumba ya oweruza.

Kuti makwerero amenewa afika pamwamba ndithu kunaoneka mu 2020. Saulos Chilima ndi Lazarus Chakwera anasumira bungwe loyendetsa zisankho ndi Pulezidenti Peter Mutharika cifukwa ca cisankho ca May 2019. Pa 3 February 2020 oweruza asanu a High Court anafafaniza cisankhoco. Amene mlandu unawaipira anacita apilo, monga anali ndi ufulu wa kutero, ndipo pa 8 May Supreme Court of Appeal inabvomereza cigamulo coyamba. Anthu anasankhanso pa 23 June.

7. ZOMUUZA MUNTHU UJA

Tsono munthu uja akali cikhalire pakhomo panu, inu aphunzitsi, mumuuze izi. Coyamba, kunka ndi mlandu pamwamba si kunyoza mfumu. Makolo anali kutero, ndipo woweruza wolungama saopa kuti wina aone nchito yace. Caciwiri, apilo ya m'khoti isiyana ndi kukwera kwa mlandu pa mudzi. Kwa gulupu munthu alongosolanso zonse kuyambira paciyambi; koma woweruza wa apilo awerenga zimene zinalembedwa pa bwalo loyamba, nafuna kuona pamene woweruza wapansi analakwa, kaya pa lamulo, kaya pa kuyesa umboni. Mboni yosiyidwa ku mudzi tsiku loyamba siilandiridwa msanga pambuyo pace. Cifukwa cace mphamvu zonse ziikidwe pa bwalo loyamba: abwere ndi akuru odziwa malire, ndi ankhoswe, ndi kalata iri yonse ya pangano; ndipo akaona kuti womasulira wapotoza mau ace, anene pomwepo.

Cacitatu, mwambi wakuti mlandu suola ugwira nchito pa mudzi, koma ku khoti masiku a apilo ndi owerengeka, ndipo wocedwa ayenera kupempha cilolezo cimene angathe kumanidwa. Afunse kalaliki wa khoti tsiku lomwelo la cigamulo kuti masikuwo ndi angati, apemphe cigamuloco colembedwa, nasunge marisiti onse. Cacinai, awerenge mtengo wace: ulendo wa ku Lilongwe, masiku otayika m'nyengo ya kulima, ndi kuti apilo ikamuipira angauzidwe kulipira zimene mnzace anaononga. Wosauka akafunse ku Legal Aid Bureau, imene Boma linaika kuti ithandize anthu osatha kulipira loya.

Potsiriza mumfunse cimene afuna. Ngati mnzaceyo ndi mbale, ndipo cotsutsana ndi mizere itatu ya cimanga, kapena nkwabwino kuitananso akuru a mbali zonse ziwiri, pakuti khoti ligamula mlandu koma silibweza moni wa m'mawa. Koma ngati ndi mkazi wamasiye kapena ana amasiye olandidwa munda wao wonse ndi munthu wamphamvu, musawauze kuti angopirira. Muwalembere kalata m'mau omveka, muchule masiku ndi maina a mboni, muwalongosolere khomo loyamba ndi laciwiri, ndipo ngati nkutheka muwaperekeze.